Masamu a Malthus ndi Munda wa Wosauka

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za kumidzi

Nkhani ya lero iyamba ndi samu imene mwana wamng'ono angathe kuicita pa sileti. Mphunzitsi alembe mizere iwiri pa bolodi. Pa mzere wapamwamba alembe 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256. Pa mzere wapansi alembe 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7, 8, 9. Tsono auze ana kuti mzere wapamwamba ndiwo anthu, wapansi ndiwo nkhokwe, ndi kuti kucokera pa nambala imodzi kufikira pa inzace papita zaka 25. Poyamba anthu ndi nkhokwe alingana. Zikatha zaka 200, anthu 256 azinga nkhokwe 9. Mwana wocenjera sadzacedwa kuimika dzanja nafunsa kuti, nanga enawo adzadyanji? Funso lomweli lasautsa maboma kwa zaka zoposa 200, ndipo mayankho ena amene maboma anapereka anatengera anthu kumanda.

Mwini wa samu imeneyi ndiye Thomas Robert Malthus, mbusa wa Mpingo wa Anglican, wobadwa m'caka ca 1766 m'dera la Surrey ku England. Inayamba monga mtsutso wa m'banja. Atate wace, a Daniel Malthus, anali munthu wa mabuku, wodziwana ndi anthu anzeru a masiku aja monga Rousseau ndi Hume. Inali nthawi imene anthu a ku France anaukira mfumu yao m'caka ca 1789, ndipo olemba mabuku ena, makamaka William Godwin wa ku England ndi Condorcet wa ku France, anaphunzitsa kuti umphawi ucokera ku malamulo oipa ndi maufumu osalungama. Akakonzedwa amenewa, mtundu wa anthu udzanka nukomera-komera kosalekeza. Atatewo anakondwera nao mau awa. Mwana wao sanabvomere. Iye anati, cinkana malamulo onse akhale olungama, anthu okhuta adzabala ana ambiri, anawo adzabala anzao, ndipo munda sudzatha kuthamanga nao liwiro limodzi. M'caka ca 1798 anasindikiza maganizo ace m'buku lochedwa An Essay on the Principle of Population, wosalembapo dzina lace.

Zaka 25 zija sanazitole pa njira. Anazitenga ku maiko a North America kumene Angerezi anakakhala, kumene Benjamin Franklin anali ataona kale, m'caka ca 1751, kuti anthu anali kuwirikiza kawiri m'zaka zowerengeka zotere, popeza nthaka inali yambiri ndipo anyamata ndi anamwali sanacedwe kukwatirana. Malthus anati umo ndimo anthu aculukira pakakhala palibe cowaletsa. Kwina konse zoletsa ziripo, ndipo ziri za mitundu iwiri: zina zicotsa anthu obadwa kale, ndizo njala, mliri ndi nkhondo, zina ziletsa kubadwa, monga kucedwa kukwatira. Pokonzanso buku lace m'caka ca 1803 anatsimikiza kwambiri njira yaciwiriyi, nati munthu adziletse, asatenge mkazi kufikira atapeza codyetsera ana. Pa ici sanali wolalikira za ena cabe, pakuti iye mwini anakwatira ali ndi zaka 38, nabala ana atatu okha.

Kumnyoza Malthus nkosabvuta masiku ano, koma mphunzitsi wa mbiri ayenera kudziwa kuti poyang'ana m'mbuyo munthuyu anaona zoona zambiri. M'zaka za 1348 ndi 1349 mliri waukulu unalowa m'England nupha munthu mmodzi mwa atatu alionse, kapena kuposa. Otsalawo anapeza minda yambiri ndi manja ocepa. Malipiro a anchito anakwera, lendi ya minda inatsika, ndipo wolima wamba anayamba kudya nyama kawiri-kawiri kuposa makolo ace. Anthu atacepa, otsala anakhuta. Apa samu ya mbusayo ilondola.

Komatu nkhani siithera pomwepo. Eni nthaka a ku England sanakhale cete poona anchito ao alikukwera mtengo. M'caka ca 1351 anapanga lamulo lakuti malipiro abwerere pamene anali mliri usanadze, ndipo m'caka ca 1381, msonkho wa pamutu utawalemera, alimi anauka nalowa m'London motsogozedwa ndi Wat Tyler. Kuukako kunagonjetsedwa, koma m'zaka 100 zotsatira ukapolo wa pa munda, umene unamanga mlimi ku nthaka ya mbuye wace, unazilala m'England. Tsono kum'mawa kwa mtsinje wa Elbe, m'maiko monga Prussia ndi Poland, zinthu zinayenda njira ina: kumeneko manja anali ocepanso, koma eni nthaka anali ndi mphamvu pa mafumu, ndipo m'zaka zotsatira anamanga alimi ao kolimba kuposa kale. Kucepa kwa anthu kunamasula mlimi wa kuno, kunamanga mlimi wa uko. Cosiyanitsa sicinali ciwerengero. Cinali cakuti ndani agwira nthaka ndipo ndani apanga lamulo. Mfundo imeneyi siipezeka pa mizere iwiri ija.

Samu ikadakhala m'buku cabe, bwenzi palibe mlandu. Koma inaturuka nilowa m'nyumba ya malamulo. Ciyambire caka ca 1601 ku England kunali lamulo lakuti dera lirilonse lisonkhe ndalama zothandizira osauka ace. Malthus anatsutsa lamuloli. Anati thandizo lotere silionjezera cakudya m'dziko ngakhale mtanga umodzi, koma lilimbikitsa osauka kukwatira ndi kubala, motero liculukitsa umphawi umene lifuna kuthetsa. Ndipo anapempha kuti licotsedwe pang'ono-pang'ono. Olemera ambiri anamva mau awa mokondwa, pakuti nkokoma kuuzidwa ndi munthu wophunzira kuti kumana kwako ndiko cifundo. M'caka ca 1834 lamulo latsopano linakhazikitsa kuti munthu wamphamvu wofuna thandizo alowe m'nyumba yochedwa workhouse, kumene moyo unakonzedwa dala kuti ukhale wowawa kuposa wa wanchito wosaukitsitsa wa kunja. M'menemo mwamuna anapatulidwa kwa mkazi wace, ndi ana kwa makolo ao. Malthus anamwalira caka comweco ku Bath. Koma anasiya ophunzira, popeza ciyambire 1805 anali mphunzitsi pa koleji ya East India Company, imene inakhazikika ku Haileybury, yophunzitsa anyamata okalamulira ku India. Aphunzitsi asaiwale ici: zimene mbusayo ananena m'kalasi zinakacitika m'maofesi, iye ali m'manda.

Mmodzi wa anyamata amene anaphunzira ku Haileybury anali Charles Trevelyan. Atagwira nchito ku India anabwerera ku London nakhala mkulu mu ofesi ya cuma ca boma, ndipo ndiye anayang'anira za cithandizo pamene njala inagwa pa cisumbu ca Ireland, cimene masiku amenewo cinali pansi pa ulamuliro wa London.

Nkhani ya Ireland iyenera kufotokozedwa bwino, cifukwa ambiri aiyesa umboni waukulu wa Malthus. Kalembera wa 1841 anapeza anthu 8,175,124 pa cisumbuco. Nthaka yambiri inali ya eni malo olemera, ndipo ambiri a iwo anakhala ku England, osaiona konse minda imene inawadyetsa. Mlimi wamba anabwereka kamunda kakang'ono pa lendi. Tirigu, oti, nkhumba ndi mafuta a mkaka anagulitsa kuti alipire lendiyo. Iye ndi ana ace anadya mbatatesi, popeza palibe mbeu ina imene ikadadyetsa banja lonse pa kadera kocepa cotero. Anthu ngati 3,000,000 analibe cakudya cina koma ico, ndipo mwamuna wa nchito anali kudya makilogalamu 5 kapena 6 pa tsiku. M'caka ca 1845 ciwawu cinagwira mbatatesi, niziola m'nthaka ndi m'nkhuti momwe. M'caka ca 1846 cinabweranso nicitha pafupi-fupi mbeu yonse.

Nduna yaikulu ya nthawiyo, Sir Robert Peel, inagula mwakacetecete cimanga ca mapaundi 100,000 ku America. Apa mai aliyense wa kumudzi akadatha kuwalangiza akulu a ku London. Cimangaco cinali ca maso olimba, cosowa kukonola ndi kusinja; koma anthu a ku Ireland sanacidziwe, analibe mtondo kapena munsi, ndipo mphero zao zinazolowera tirigu ndi oti. Ambiri anacidya cosapereka bwino ndi cosapsa, nadwala m'mimba. Ngakhale zinali tero, caka coyambaco anthu akufa anali owerengeka. Boma linasintha m'caka ca 1846, ndipo atsopanowo, pamodzi ndi Trevelyan, anaumirira kuti boma lisalowerere malonda a cakudya, ndi kuti wanjala agwire nchito ya pa mseu kuti alandire ndalama zogulira. Anthu ofooka anaphwanya miyala m'cisanu pa malipiro osakwanira mtengo wa ufa. Zombo za tirigu ndi ng'ombe zinapitirira kucoka m'madoko kunka ku England. Kunena zoona, cakudya coturukaco sicikadakwanira kulowa m'malo mwa mbatatesi yonse yotayika, ndipo kuyambira 1847 colowa cinaposa coturuka. Koma cikadatsekerezedwa m'miyezi yoopsa ya kumapeto kwa 1846 cikadasunga miyoyo yambiri.

Umboni wakuti boma linali ndi mphamvu yakupulumutsa anthu unaoneka m'caka ca 1847. Kwa miyezi yowerengeka linatsegula malo ophikirako phala ndi msuzi, ndipo pakati pa cakaco anthu ngati 3,000,000 analandira cakudya tsiku ndi tsiku. Pambuyo pace malowo anatsekedwa, katundu yense naikidwa pa misonkho ya madera a Ireland omwewo, amene anali atagwa kale. Caka comweco anaonjezera lamulo lochedwa ndi dzina la William Gregory: munthu wokhala ndi munda woposa gawo limodzi la magawo anai a ekala asalandire thandizo kufikira atausiya. Bambo wa ana anjala anayenera kusankha, kaya asunge munda ana afe, kaya ataye munda ana adye. Mabanja ambiri-mbiri anasiya minda, eni malo nagwetsa nyumba zao kuti asabwerere, naikamo ng'ombe ndi nkhosa. Anthu ngati 1,000,000 anafa, ndipo ena ngati omwewo anaoloka nyanja. Kalembera wa 1851 anapeza anthu ngati 6,500,000. Makalembera a 2021 ndi 2022 anaonetsa kuti cisumbu conse cinali ndi anthu ngati 7,000,000, osafikabe pa ciwerengero ca 1841.

Malthus sangaimbidwe mlandu wa imfa zimene zinadza iye atagona zaka 11. Cimene cingamkhudze ndi ici: anapatsa olamulira mau onenera kuti tsokali ndi la cilengedwe, lobadwa m'kuculuka kwa osauka, ndipo munthu amene akhulupirira cotero dzanja lace limalemera potsegula nkhokwe. Patapita zaka zambiri Amartya Sen wa ku India, amene anaona njala ya ku Bengal ya 1943 ali mwana, anaonetsa m'buku lace la 1981 kuti njala zazikulu zingagwe ngakhale cakudya cilimo m'dziko, pamene anthu ena alibe mphamvu yakucipeza.

Nanga England mwini anapulumuka bwanji? Kalembera woyamba wa 1801 anapeza anthu ngati 8,900,000 m'England ndi Wales. Wa 1901 anapeza 32,500,000, ndipo sanafe ndi njala. Malasha anayendetsa makina, makina anapanga nsaru ndi zitsulo, ndipo sitima za pamtunda ndi za pamadzi zinabweretsa tirigu wa ku America, Canada ndi Russia, ndi nyama ya ku Australia ndi New Zealand. Munda wa Mngerezi unakula kutsidya kwa nyanja. Koma zigwa za ku America zimene zinabala tiriguyo zinali ndi eni ace oyamba, amene anapitikitsidwa. Ngakhale zaka 25 zija za Franklin zinawerengedwa pa nthaka yolandidwa.

Anthu a kum'mawa kwa Zambia safunika kuoloka nyanja kuti amvetse zimenezi. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'caka ca 1898, kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikuru lozungulira Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, poimirira pa pangano limene Carl Wiese anati analandira kwa Mpezeni. M'caka ca 1928 boma la atsamunda linadula malire a malo osungira anthu akuda, ndipo midzi yambiri ya Angoni ndi Acewa inasamutsidwira m'menemo, kuti nthaka yabwino itsalire azungu olima fodya amene anayembekezeka kudza ambiri. Anadza owerengeka. M'malo opanikizanawo munda sunapezenso nthawi yakugona tsala, mitengo inatha, madzi a mvula anakumba zigwembe. Tsidya lina la malire nthaka inakhala yopanda munthu, thengo linabwerera, nyama zinaculuka, ndi kashembe yemwe. Mlendo woyenda m'midzi yothinanayo akadati, taonani Malthus, anthu aposa nthaka. Koma akadangoyenda mamailosi owerengeka akadapeza dziko lopanda utsi. William Allan, mkulu wa za malimidwe m'boma lomwelo, anawerengera anthu amene nthaka ya mtundu uliwonse ingathe kusunga pa kalimidwe ka makolo, napeza kuti malo ambiri osungirawo anasenza opitirira muyeso. M'caka ca 1941 boma linagula dziko la kampaniyo, ndipo m'zaka zotsatira anthu ena anabwezedwamo. Kuthinanako kunali koona ndithu, koma kunalembedwa ndi colembera pa mapu.

Mzere wapansi uja, wa nkhokwe, unalakwikanso m'njira ina. M'caka ca 1965 mai wina wa ku Denmark, Ester Boserup, anasindikiza buku lotembenuza Malthus cadodolido. Iye anati si cakudya cokha cimene cilamula ciwerengero ca anthu. Kuculuka kwa anthu nakonso kusintha kalimidwe. Anthu akacepa atema mphanje, naocha, nalima zaka ziwiri kapena zitatu, nasamuka, cifukwa njira imeneyi ibala zambiri pa thukuta locepa, ndipo wocita cotero si waulesi kapena wopanda nzeru. Akaculuka afupikitsa zaka za tsala, ayamba kuthira manyowa, kuunda mizere, kulima ndi ng'ombe, kutsirira m'dimba. Mwana aliyense adza ndi pakamwa pamodzi, koma adzanso ndi manja awiri. Pa zimenezi panaonjezeka nzeru ya Fritz Haber wa ku Germany, amene m'caka ca 1909 anapeza njira yakutenga cakudya ca mbeu mu mpweya, ndi Carl Bosch amene anamanga fakitale yoyamba ya nchitoyi m'caka ca 1913. Thumba la feteleza wa urea limene mlimi athira m'cimanga cikafika m'maondo ndilo mdzukulu wa nchito imeneyo. Anthu a pa dziko lonse, amene anali ngati 1 biliyoni m'masiku a Malthus, anafika 3 biliyoni m'caka ca 1960 ndi 8 biliyoni m'caka ca 2022. Koma thumbalo ligulidwa ndi ndalama, ndipo mlimi amene alibe ndalama ali monga mnzace wa ku Ireland woyang'ana zombo pa doko.

Cimene Malthus sanaciyembekeze konse ndi cakuti anthu okhuta angasankhe okha kubala ana ocepa. Ku France zinayamba iye akali moyo. Ku England zinaoneka kuyambira zaka za m'ma 1870. Zifukwa zace nzambiri. Ana akaleka kufa ali makanda, makolo safunanso kubala khumi kuti atsale asanu. Malamulo oletsa ana ang'ono kugwira nchito m'mafakitale, monga la 1833, ndi lamulo la 1880 lokakamiza mwana aliyense kupita ku sukulu, anasandutsa mwana wobweretsa malipiro kukhala mwana wofuna nsapato ndi mabuku. Ndipo m'maiko ambiri, Zambia yemwe, kufufuza kwaonetsa kuti mtsikana wokhalitsa pa sukulu acedwa kukwatiwa nabala ana ocepa. Maboma amene analibe cipiriro anayesa cikakamizo: ku India m'zaka za 1975 kufikira 1977 anthu mamiliyoni anatsekedwa kubala, ambiri mosafuna, ndipo ku China lamulo la mwana mmodzi linagwira nchito kucokera 1980 kufikira 2015. Apanso samu ya pa bolodi inagwera pa thupi la wosauka.

Tsono mphunzitsi amene ana adzaza m'kalasi mwace kufikira pa khomo, ena atakhala pansi, angati zonsezi nzabwino kumva, koma mzere wapamwamba auona ndi maso tsiku ndi tsiku. Sanama. Kalembera wa 1969 anapeza anthu ngati 4,100,000 m'Zambia. Wa 2000 anapeza ngati 9,900,000. Wa 2022 anapeza ngati 19,600,000. Kucokera 2000 kufikira 2022 anthu anawirikiza pafupi-fupi kawiri m'zaka 22, msanga kuposa zaka 25 za mbusa uja. Kubala kwayamba kutsika: kufufuza kwa 1992 kunaonetsa ana ngati 65 pa azimai 10 alionse m'moyo wao wonse, kwa 2018 kunaonetsa 47. Koma atsikana amene adzakhala amai a mawa anabadwa kale, ndipo ndi ambiri, kotero ciwerengero cidzakwerabe zaka zambiri.

Manambala amenewa akwanira phunziro labwino la masamu m'makalasi apamwamba, ndipo ana angathe kulemba okha mzere wapamwamba wa dziko lao. Mzere wapansi sapezeka m'buku la kalembera. Ana akaufune kumudzi. Akafunse agogo ao kuti munda unali kugona tsala zaka zingati iwo ali ana, ndipo ugona zingati tsopano. Kuti mudzi unali pomwepa ciyambire kale kapena unasamutsidwa, ndipo anausamutsa ndani. Kuti lima imodzi ibala matumba angati ndi feteleza, ndi angati popanda. Kuti mnyamata wokwatira caka cino apatsidwa munda ndi a nyakwawa kapena agawana ndi abale ace womwewo wa makolo. Ndi kuti nthaka yosalimidwa imene iri pafupi ndi mudzi nja yani. Mayankhowo alembedwe m'kope limodzi losungidwa pa sukulu, ndi caka cace pacikuto, kuti kalasi lobwera pambuyo likafunsenso mafunso omwewo ndi kulinganiza.